Chatsitsa dzaye n'chiyani? Khoma limodzi, mayankho atatu

Mnyamata wa ku Ntcheu analemba:

Akuluakulu ndi abale nonse, ndabwera ndi funso limene landisowetsa tulo kuyambira mwezi wa Febuluwale, ndipo ndikupempha amene munawerenga za filosofi ndi za zipembedzo kuti mundithandize, chifukwa ine maphunziro anga ndi a zamagetsi, ndipo za m'mabuku akuyawa ndinangozimvera patali.

Amalume anga anali ndi khitchini ya zidina imene inamangidwa zaka 9 zapitazo. Masiku onse iwo amagwirira ntchito zawo zamanja pansi pa mtengo wa mango, koma tsiku limenelo, limene linali lachitatu la mvumbi wosalekeza, ananyamula kampando kawo n'kukakhala m'khonde mwa khitchiniyo kuti aseme mpini wa khasu. Pasanathe mphindi 15, khoma lonse la mbali imeneyo linagwa n'kuwathyola fupa la ntchafu. Tikuthokoza kuti ali moyo, ndipo tsopano akuyendera ndodo.

Anthu atatu andiuza zifukwa zitatu. Mmisiri amene ndinamutenga kuti akaone khomalo anakumba patsinde ndi chikwanje n'kundionetsa kuti zidina za mizere iwiri yapansi zinali zitasanduka phala, popeza denga linali lalifupi ndipo madzi ake ankagwera pakhoma penipeni. Anandionetsanso njira za chiswe m'kati mwa nsanamira ya khonde. Mkulu wa mpingo amene anabwera kudzapemphera kuchipatala anati palibe chochitika pansi pano popanda chifuniro cha Mulungu, choncho tisafunefune zambiri. Amayi aakulu, mlongo wawo wa amalumewo, anamvetsera onse awiri mwaulemu, kenako n'kundiitanira pambali. Anati: "Mwanawe, chiswe sindikuchikana, mvula sindikuikana. Koma khoma laima zaka 9, usana ndi usiku popanda munthu pamenepo, lidikire bwanji kamphindi kamene mlongo wanga wakhalapo? Apa pali dzanja la munthu." Ndipo mwini dzanjalo amutchula kale: gogo wina wa bere lina la mbumba yathu yomweyo, amene takhala tikulimbirana naye dimba kwa zaka zingapo.

Akale anati umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Nanga pa nkhani yathuyi chatsitsa dzaye n'chiyani? Kodi anthu atatuwa akutsutsana, kapena aliyense akuyankha funso lake? Ndipo tikamati chinthu ichi chachititsa icho, timatanthauzanji kwenikweni? Loweruka likudzali banja likhala pansi, ndipo sindikufuna kukangokhala duu ngati mlendo.

Mphunzitsi Wopuma wa ku Dedza anayankha:

Mwana wanga, pepani ndi ngozi ya amalume anu. Nditawerenga mawu a amayi anu aakulu ndinaima kaye, chifukwa funso lawolo linalembedwa kale m'buku lina lotchuka la maphunziro a chikhalidwe cha anthu. E. E. Evans-Pritchard, wa ku England, anakhala pakati pa Aazande, anthu a kumene masiku ano kuli South Sudan, Congo ndi Central African Republic, ndipo mu 1937 anatulutsa buku la zimene anaona. M'menemo akusimba za nkhokwe. Aazande amakonda kukhala pamthunzi wa nkhokwe dzuwa likafika paliwombo, ndipo nthawi zina nkhokweyo imagwa n'kuvulaza anthu. Iye anapeza kuti palibe amene sadziwa kuti chiswe chimadya mizati, ndipo onse amadziwa kuti ovulalawo anakhala pamenepo pothawa dzuwa. Chimene amafunsa n'chakuti, n'chiyani chakumanitsa ulendo wa chiswe ndi ulendo wa anthu ofuna mthunzi pa nthawi imodzi, ndiponso pa anthu amenewa osati ena? Pamenepo m'pamene amalowetsapo ufiti. Ali ndi fanizo lochokera kuuzimba, kumene nyama imagawidwa pakati pa mlenje amene waponya mkondo woyamba ndi amene waponya wachiwiri: munthu akaphedwa ndi njovu, njovuyo ndi mkondo woyamba, ufiti ndi wachiwiri. Choncho amayi anu aakulu sakulimbana ndi mmisiri pa za mkondo woyamba ayi, iwo akusaka wachiwiri.

Zoti ali nalo kale dzina sizikundidabwitsa. Max Marwick, amene anafufuza pakati pa Achewa a kum'mawa kwa Zambia n'kutulutsa buku lake mu 1965, anaona kuti kulozana ufiti kumachitika kawirikawiri pakati pa anthu a mbumba imodzi, makamaka pamene panali kale kukokanakokana. Chala chimapita kumene mtima unali kale ndi chilonda.

Tsopano pa funso lanu la tanthauzo. Aristotle, Mgiriki amene anabadwa mu 384 n'kumwalira mu 322 Khristu asanabadwe, anaphunzitsa kuti funso lakuti "chifukwa chiyani" lili ndi mayankho anayi. Tengani mpini womwe uja amasema amalume anu. Ulipo chifukwa cha mtengo umene wachokerako; ulipo chifukwa cha kaumbidwe kake, kumutu konenepa koti kuboolidwe ndi kogwirira kosalala, kamene kakuusiyanitsa ndi nkhuni wamba; ulipo chifukwa cha wosema ndi kasemasema wake; ndipo ulipo chifukwa cha munda umene ukudikira kulimidwa. Ine kuona kwanga, liwu lathu lakuti "chifukwa" timalisenzetsa katundu wambiri. Tikati munthu wagwa chifukwa cha matope, matopewo ali kumbuyo, amukankha. Tikati wapita ku Lilongwe chifukwa cha pasipoti, pasipotiyo ili kutsogolo, ikumukoka. Mmisiri wanu wayankha za zokankha, mkulu wa mpingo wayankha za chokoka, ndipo n'chifukwa chake awiriwo angathe kukhala pa mphasa imodzi osakangana.

Koma Aristotle yemweyo ali ndi yankho limene amayi anu aakulu sangalikonde. Anapereka chitsanzo cha munthu amene wapita kumsika pa zifukwa zake, n'kukumana ndi wina amene ali naye ngongole, n'kulandira ndalama zake. Ulendo wa aliyense wa awiriwo uli ndi chifukwa, koma kukumana kwawoko kulibe chifukwa chakechake. Ananenanso za mwala umene wagwa n'kugunda munthu, kuti sunagwe pofuna kumugunda. Kwa iye zimenezi ndizo zangozi: sikuti zachitika popanda zozichititsa, koma kuti palibe amene anazikonza kuti zikumane.

Mwalimu wa ku Mangochi anayankha:

Achimwene, Allah awapatse amalume anu machiritso. Aphunzitsi afotokoza bwino, koma ayenda mofulumira pa mkondo woyamba ngati kuti pamenepo palibe mtsutso, pamene m'Chisilamu m'pamene mtsutso unakula kwambiri.

Imam al-Ghazali, amene anabadwa mu 1058 ku Tus n'kumwalira mu 1111, ndipo anaphunzitsa pa sukulu ya Nizamiyya ku Baghdad, analemba buku lotsutsa afilosofi otsatira Aristotle, lotchedwa Tahafut al-Falasifa. M'nkhani ya 17 ya bukulo akutenga chitsanzo cha moto ndi thonje. Iye akufunsa kuti: ukayandikiza thonje pamoto n'kupsa, maso ako aona chiyani? Aona kuti kupsako kwachitika pamodzi ndi kukhudzana kwa ziwirizo, koma sanaone kuti kwachitika ndi mphamvu ya motowo. Moto ulibe moyo, ulibe chifuniro, ndiye ungatchedwe bwanji wochita? Wochita ndi Allah, amene amalenga kupsa pamene moto wakhudza thonje, monganso amalenga kukhuta pamene munthu wadya ndi kuchira pamene wamwa mankhwala. Dongosolo limene timaona m'chilengedwe ndi chizolowezi chimene Iye anakhazikitsa, ndipo akafuna amachidula, monga Qur'an ikunenera pa Surah 21, ndime 69, pamene moto unalamulidwa kuti ukhale wozizira ndi wamtendere kwa Ibrahim.

Al-Ghazali ankadziwa chimene omutsutsa adzanene, ndipo anachilemba yekha: ngati zili choncho, munthu amene wasiya buku kunyumba sangatsimikize kuti akabwerera alipeza lili buku, mwina lasanduka mnyamata kapena nyama. Anayankha kuti Allah anaika mwa ife chidziwitso chakuti zoterezi, ngakhale n'zotheka kwa Iye, sazichita mwachisawawa. Patapita zaka zambiri, Ibn Rushd wa ku Cordoba, amene anali woweruza milandu komanso sing'anga wa zachipatala, ndipo anakhala ndi moyo kuyambira 1126 mpaka 1198, analemba buku lomuyankha mfundo ndi mfundo. Iye anati wokana kuti zinthu zili ndi mphamvu yochititsa zina wakana nzeru yeniyeniyo, popeza kudziwa chinthu ndiko kudziwa chimene chimachita, ndipo moto umene sutentha sitingautchenso moto. Onsewa anali Asilamu odziwa chipembedzo, ndipo mpaka lero ophunzira amawerenga mbali zonse ziwiri.

Pa nkhani ya banja lanu ndikuona zinthu ziwiri. Choyamba, ngakhale wotsatira al-Ghazali sangakuuzeni kuti musamange khoma labwino. Mu hadith, kapena kuti nkhani ya mawu ndi zochita za Mtumiki Muhammad, imene anasonkhanitsa al-Tirmidhi, munthu wina anafunsa Mtumikiyo, mtendere ukhale pa iye, ngati amange ngamila yake kapena aisiye n'kudalira Allah, ndipo anamuyankha kuti aimange, kenako adalire. Chachiwiri, ngati moto weniweniwo, umene timauona ndi maso, al-Ghazali sanaulole kutchedwa mwini mphamvu, nanga gogo wa kudimba angapatsidwe bwanji mphamvu yogwetsa khoma ali kutali? Funso la amayi aakulu lakuti chifukwa chiyani kamphindi kameneko, ife timaliyankha kuti ndi qadar, chikonzero cha Allah, ndipo timaima pomwepo.

Mayi wa Mvano anayankha:

Mwana wanga, ndikupepesa m'malo mwa mkulu wa mpingo uja, chifukwa ngakhale sananame, ananena theka la chiphunzitso n'kusiya theka linalo, ndipo theka limene anasiyalo ndilo mukulifuna Loweruka.

Chikhristu chakhala chikusiyanitsa pakati pa gwero loyamba la zonse, amene ndi Mulungu, ndi zochititsa zachiwiri, zimene ndi zolengedwa. Thomas Aquinas, mphunzitsi wa zaumulungu wa mpingo wa Katolika amene anamwalira mu 1274, anaphunzitsa kuti Mulungu salimbirana ntchito ndi zolengedwa zake ngati anthu awiri onyamula mtolo umodzi, wina theka wina theka, koma amazipatsa ulemu wokhala zochititsa zenizeni. Chivomerezo cha ku Westminster cha 1646, chikalata chofotokoza chikhulupiriro cha mipingo ya Chipresibiteriya, m'mutu wake wachisanu, chikunenanso kuti ngakhale zonse zimachitika monga Mulungu anakonzeratu, Iye amaziyendetsa molingana ndi chikhalidwe cha zochititsa zachiwirizo. Apa ndiye tikusiyana ndi a Mwalimu, mwaulemu wonse: kwa ife madzi anafewetsadi zidina, ndi mphamvu imene madzi anapatsidwa. Ndivomereze kuti nafenso tinali ndi al-Ghazali wathu, wansembe wa ku France Nicolas Malebranche, amene anamwalira mu 1715, yemwe ankati Mulungu yekha ndiye wochititsa weniweni, koma mipingo yambiri sinamutsatire.

Werengani Machitidwe 27. Paulo ali m'ngalawa ya anthu 276 pakati pa namondwe, ndipo wauzidwa kale ndi mngelo kuti palibe amene afe. Komabe amalinyero atafuna kuthawa, Paulo yemweyo akuuza kenturiyo kuti ngati awa sakhala m'ngalawa, inu simungapulumuke. Lonjezo lilipo, koma likudzera m'manja mwa amalinyero. Werenganinso Deuteronomo 22:8, pamene womanga nyumba yatsopano akulamulidwa kuika kampanda padenga, kuti asadzitengere mlandu wa magazi munthu akagwa. Lamulo limeneli likanakhala lopanda pake chikhala kuti kunena "chifuniro cha Mulungu" kumatseka nkhani ya kamangidwe.

Koma ndime imene ikufanana kwambiri ndi khoma lanu ndi Luka 13:4, ya nsanja ya ku Siloamu imene inagwera anthu 18 n'kuwapha. Anthu a nthawi imeneyo nawonso ankasaka mkondo wachiwiri, kungoti iwo ankausaka mwa ophedwawo, poganiza kuti anali ochimwa koposa anzawo. Yesu anakana. Anakananso pa Yohane 9, ophunzira atafunsa ngati munthu wobadwa wosaona anachimwa ndi iye kapena makolo ake. Abwenzi a Yobu analankhula machaputala ambirimbiri pofotokoza chifukwa cha tsoka lake, ndipo pamapeto pake Mulungu anawadzudzula kuti sananene zoona za Iye. Choncho ine sindikugwirizana ndi Aristotle wa Aphunzitsi kuti kukumanako kulibe tanthauzo. Ndikukhulupirira kuti kuli nalo, koma si amayi aakulu, si mkulu wa mpingo, ndipo si ine amene tinapatsidwa kuti tiliwerenge.

Namwino wa ku Leeds anayankha:

Achimwene, ine ndilankhula monga munthu wa kuchipatala, ndipo akuluakulu mundikhululukire ngati mawu anga auma.

A Mwalimu angakondwe kumva kuti funso la moto ndi thonje linadzukanso ku Scotland patapita zaka zoposa 600. David Hume, wobadwira ku Edinburgh mu 1711, anagwiritsa ntchito chitsanzo cha mipira ya patebulo, yonga ya pulu imene anyamata amasewera pa ma trading centre kwathu. Mpira woyera ukugubuduka, wagunda wofiira, wofiira wanyamuka. Mwaona zinthu zitatu: ayandikana, kuyenda kwa woyera kwayamba, ndipo nthawi zonse zimatsatana chomwecho. Chingwe chokakamiza wofiira kuti anyamuke simunachione, ndipo simudzachiona. Kusiyana kwake n'kwakuti al-Ghazali anaika chizolowezicho mwa Mulungu, pamene Hume anachiika m'mutu mwathu: taona kambirimbiri, ndiye maganizo athu amathamangira kutsogolo n'kuyembekezera.

Vuto la chizolowezi n'lakuti chimanama mosavuta. Tambala amalira m'bandakucha uliwonse, koma satulutsa dzuwa. Ndili mwana agogo ankatiletsa mango osapsa ndi kusewera pamvula, amati tidwala malungo, ndipo tinkadwaladi. Zinkatsatana chifukwa mango, mvula ndi udzudzu zimabwera nyengo imodzi. Panafunika Alphonse Laveran aone kachirombo m'magazi a wodwala ku Algeria mu 1880, ndi Ronald Ross akapeze m'mimba mwa udzudzu ku Secunderabad, ku India, mu 1897, kuti mango amasulidwe pa mlanduwo.

Ndiye timasiyanitsa bwanji? Hume yemweyo anasiya chiganizo china chothandiza, chakuti chochititsa ndi chimene chikanapanda kukhalapo, chotsatiracho sichikanakhalapo. Chaka chatha ndili ku London ndinapita ku Soho kukaona mpope wachikumbutso umene waima pa msewu umene kale unkatchedwa Broad Street. Ndi kampope kakuda kopanda chogwirira, ndipo anthu amangokadutsa akuyang'ana mafoni. Mu 1854 kolera inapha anthu oposa 600 m'dera limenelo, pa nthawi imene madokotala ambiri ankati matendawa amayenda ndi mpweya wonunkha. Dokotala wina dzina lake John Snow anayenda khomo ndi khomo kufunsa kumene omwalirawo ankatunga madzi, ndipo anapeza kuti ambiri ankamwa a mpope umenewo, pamene ogwira ntchito pamalo ofululira mowa apafupi, amene sankamwa madziwo, anapulumuka. Akuluakulu a dera atamva, anachotsa chogwirira. Snow sanaone kachirombo ka kolera ndi maso ake, koma anafunsa funso limene likanatha kumutsutsa akanakhala kuti walakwa.

Yesani mayankho anu atatu ndi muyeso umenewo. Denga likanakhala lalitali ndipo mizere yapansi ikanakhala ya njerwa zowotcha, kodi khoma likanagwa? Mukhoza kuyenda m'mudzimo n'kuwerenga makhitchini amene anagwa ndi amene anaima mvumbi womwewo. Yankho la mkulu wa mpingo silingayesedwe motero, koma silivulaza munthu. La amayi aakulu silingayesedwenso, chifukwa khoma likagwa ati ndi gogoyo, likapanda kugwa ati mankhwala athu anagwira ntchito, koma ilo lili ndi dzina la munthu wamoyo. Ndiponso kamphindi kamene akudabwa nako sikodabwitsa kwenikweni, popeza mvula imene inafewetsa khoma ndi yomweyo imene inachotsa amalume pansi pa mango n'kuwapititsa m'khonde. Maulendo awiri aja a Aphunzitsi sanakumane mwangozi, anachokera pa chitsime chimodzi.

Kumbukirani kuti mu Januwale 2016 ku Neno okalamba anayi anaphedwa ndi gulu la anthu mphenzi itapha mtsikana, powaganizira kuti ndiwo anaitumiza. Kumbukiraninso kuti lamulo la 1911 lokhudza za ufiti limaletsa kumunena munthu kuti ndi mfiti. Dzina limenelo likatuluka pabwalo Loweruka, simudzatha kulibwezanso m'kamwa.

Wophunzira ku India anayankha:

Akuluakulu, ine ndine wamng'ono pa nonse, koma ndiloleni ndiwonjezere za kuno, chifukwa nonse mwakhala mukusaka chochititsa chimodzi chachikulu, kaya ndi Mulungu, madzi kapena munthu, pamene Chibuda chimakayikira kusakako. Chiphunzitso chawo chotchedwa paticcasamuppada chimati ichi chikakhalapo, icho chimakhalapo, ndipo ichi chikatha, icho chimatha. Palibe chimene chimaima pachokha, ndipo palibe Mlengi kumayambiriro kwa mzerewo. Mbuda angakuuzeni kuti dzaye linagwa chifukwa linapsa, phesi linauma, mphepo inaomba ndipo njovu inali ndi njala, ndipo kusankhapo chimodzi n'kuchitcha mwini nkhani ndi ntchito ya maganizo athu, si ya mtengowo.

Anthu ambiri amaganiza kuti Abuda amati tsoka lililonse ndi malipiro a zimene munthu anachita kale, zimene amazitcha kamma kapena karma. Koma m'malemba awo akale muli nkhani ya munthu wotchedwa Sivaka amene anafunsa Buddha funso lomwelo, ndipo anayankhidwa kuti ululu wina umachokera ku ndulu, wina ku makhololo, wina ku mpweya wa m'thupi, wina ku kusintha kwa nyengo, wina ku kusasamala, wina ku kumenyedwa, ndipo wina wokha ndiwo chipatso cha kamma. Onena kuti zonse ndi kamma akupitirira malire a zimene akudziwa.

Pakati pa Ahindu napo pali mtsutso wina umene ungakhudze mmisiri wanu. A sukulu ya Samkhya amati chotsatira chimakhala kale m'kati mwa chochititsa, n'chifukwa chake mafuta amayengedwa ku chitowe osati ku mchenga. A sukulu ya Nyaya amati ayi, chotsatira ndi chinthu chatsopano chimene kunalibe. Kwa a Samkhya, kugwa kwa khoma lanu kunali kale m'zidinazo kuyambira tsiku limene womanga anafupikitsa denga, ndipo zaka 9 zimene amayi aakulu akuziona ngati umboni wakuti khoma linali lolimba zinali zaka zimene linali kugwa pang'onopang'ono.

Mphunzitsi Wopuma wa ku Dedza anayankhanso:

Anamwino andigwira pabwino, ndipo ndikuvomera: pa nkhokwe ya Aazande chiswe ndi dzuwa ndi maulendo awiridi, koma pa khitchini iyi mvula ndi imodzi. Chitsanzo changa cha kumsika sichikukwanira bwino apa. Komabe sindikufuna kuti amayi aakulu achoke pano ngati munthu wosaganiza. Immanuel Kant wa ku Königsberg, amene anavomera yekha kuti Hume ndiye anamudzutsa kutulo, anayankha mu 1781 kuti lamulo lakuti chochitika chilichonse chili ndi chochichititsa sitiliphunzira poona ayi, koma ndi chikombole chimene maganizo athu amaumbira zonse zimene timaona. Ngati ananena zoona, ndiye kuti kuuza mayi amene mlongo wake wathyoka mwendo kuti asafunse chifukwa kuli ngati kumuuza kuti asapume. Pamene alakwa si pofunsa, koma potenga chikombole chimenecho n'kuumbiramo nkhope ya munthu. Kant yemweyo anachenjeza kuti chikombolecho chimagwira ntchito pa zinthu zimene tingazione, ndipo sichingatifikitse kwa gwero loyamba, zimene Mayi wa Mvano ndi a Mwalimu mwina sangazilandire.

Mnyamata wa ku Ntcheu anayankha:

Zikomo kwambiri nonse. Dzulo madzulo ndinawaimbira foni amalume n'kuwafunsa chimene iwo eni ake akuganiza, chinthu chimene palibe aliyense wa ife anachita chigwereni khomalo. Anaseka pang'ono, n'kundiuza kuti chaka chatha anaona mng'alu pakona ya khomalo woti chala chinkalowa, ndipo anaumata ndi dothi, n'kunena kuti adzakonza akadzagulitsa mbatata. Ndalama ya mbatata inapita ku fizi ya mwana wawo wotsiriza. Anati sanawauze amayi aakulu za mng'aluwo chifukwa cha manyazi, koma avomera kuti Loweruka adzanena okha pamaso pa onse nkhani ya dimba isanatchulidwe.

Ndachitanso zimene Anamwino ananena: ndinatuma mng'ono wanga kuti ayende m'mudzimo, ndipo wapeza makhitchini ena awiri amene anagwa sabata yomweyo, onse a zidina, ndipo m'khitchini imodzi munafera nkhuku zokha. Ndikudziwa kale chimene amayi aakulu adzayankhe, kuti m'makhitchini enawo munalibe munthu, ndipo pamenepo ndidzawakumbutsa kuti mvula ndi imene inathamangitsira amalume m'khonde.

A Mwalimu ndi Mayi wa Mvano, ndatsala ndi funso limodzi kwa inu awiri, ndipo ndingakonde yankho lisanafike Lachisanu. Nonse mwanena kuti kamphindi kameneko kanali m'manja mwa Mulungu. Nanga chisankho cha amalume chopereka fizi m'malo mogula njerwa zowotcha, chimenenso chili pa mzere womwewo wa zochititsa, chinali chawo kapena nachonso chinakonzedweratu? Ndikufunsa chifukwa iwo andifunsa funso lomweli pafoni, ndipo ndinawauza kuti netiweki ikuvuta.